MAGETSI A M'BATIRE NDI MAGETSI A M'THUPI

Madzulo ano tikambirana za magetsi obadwa m'madzi a mcere, pakuti magetsi otere ndiwo ayatsa toci, ndiponso ndiwo agunditsa mtima wa munthu.

Sing'anga wina wa ku Bologna m'dziko la Italy, dzina lace Luigi Galvani, anaona kuti mwendo wa cule wakufa uphupha ukakhudzidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana. M'caka ca 1791 analemba kuti magetsiwo ali m'thupi la culeyo. Alessandro Volta anakana, nati mphamvuyo icokera ku zitsulo. M'caka ca 1800 iye anasanjikiza mbale za zinki ndi za mkuwa, naika pakati pace nsaru yonyowa ndi madzi a mcere, ndipo magetsi anaturuka popanda cule. Imeneyo ndiyo batire yoyamba. Lero tidziwa kuti onse awiri anali ndi mbali ya coonadi.

Taganizani za mwala wa toci wa mtundu wakale. Cigoba cace ndi zinki, pakati pali kandodo kakuda konga khala, ndipo cozinga kandodoko ndi phala lonyowa la mankhwala a mcere. Zinki isungunuka pang'onopang'ono m'phalamo, nisiya tinthu tating'ono tochedwa elekitironi, ndipo timeneti tithamanga m'waya kupyola m'babu kunka ku kandodo kaja. Mphamvu yace ndi mavolti 1.5. Mankhwala akatha, mwala wafa.

Tsono m'thupi mwathu muli mitsempha yonyamula mauthenga. Kunja kwa mtsempha uli wonse kuli madzi ocuruka mcere wa sodiyamu, m'kati mwace mucuruka potaziyamu, ndipo pakati pali kakhungu kopyapyala kolekanitsa ziwirizi. Kusiyanaku kupanga mphamvu ya volti ngati 0.07. Mukaponda munga, tizitseko ta pa kakhunguko titseguka, sodiyamu alowa mwaliwiro, ndipo uthenga uthamangira ku ubongo. M'mitsempha yina upyola mamita 100 pa sekondi imodzi. Pambuyo pace thupi liturutsanso sodiyamuyo ndi mphamvu yocokera ku cakudya, cotero batire yathu idzazidwa usana ndi usiku. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England ndiwo analongosola zimenezi m'caka ca 1952.

Asodzi a m'Zambezi ndi a kunsi kwa Shire adziwa nsomba yochedwa nyesi, imene icititsa dzanzi dzanja loigwira. Pansi pa khungu lace pali timabatire tamoyo tambirimbiri togwira nchito pamodzi, monga mbale za Volta zija.

Cifukwa ninji tinena zonsezi? Mwana akatsegula m'mimba kwambiri sataya madzi okha ai, ataya ndi mcere womwe. Pamenepo magetsi a m'thupi lace afooka: manja alefuka, mtima ugunda mosalongosoka, ndipo akhoza kufa. Cifukwa cace musam'mane cakumwa. Mpatseni mankhwala a ORS a ku cipatala. Ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, muikemo masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Shugayo athandiza matumbo kukoka mcere pamodzi ndi madzi. Mcere musapyoze muyeso, pakuti wocuruka uononganso. Mwanayo amwe pang'onopang'ono, apitirize kuyamwa, ndipo mumtengere ku cipatala msanga.