Duwa la Ndevu Pakati pa Minda ya Tiyi

Anthu a ku Thyolo adziwa bwino zimene tiyi afuna: mvula yambiri, nthaka yowawasa, ndi zinyalala zophimbira pansi. Tsono nkhani ya mwezi uno ikunena za duwa lina lotchedwa iris, limene lidana nazo zonsezi. Wosamala maluwa pa esiteti akalisamala monga asamalira tiyi, duwalo lidzaola, ndipo mlandu udzagwera iye.

Mtundu umene ukukambidwa pano ndi Beverly Sills, wa maluwa a pinki. Anautulutsa Ben Hager ku America m'chaka cha 1979, ndipo m'chaka cha 1985 unalandira mphoto ya Dykes Medal. Utalika pafupifupi masentimita 90. Pa duwa lake pali tiubweya tonga ndevu, ndicho chifukwa chake anthu alitcha duwa la ndevu.

Duwali silibzalidwa ndi njere, koma ndi chitsa chake chonenepa chonga jinja. Apa ndi pamene ambiri alakwa, pakuti dzanja lozolowera kubzala chinangwa lifuna kukwirira. Chitsa cha iris sachikwirira ai. Wobzala aunde mthumbira pamalo pofika dzuwa tsiku lonse, ayale mizu mbali zonse, naikwirire mizu yokhayo, koma msana wa chitsa uoneke pamtunda kuti uziotha dzuwa. Asaikepo udzu kapena masamba. Pakati pa chitsa ndi chinzake pakhale masentimita 40.

Nthaka ya tiyi njowawasa, choncho asanabzale asakanize phulusa la nkhuni kapena laimu pang'ono. Feteleza wa tiyi asamuyandikize konse. Akulitsa masamba okha ndi kufewetsa chitsa. Nyengo yabwino yobzalira ndi mvula itatha, mu April kapena May. Chiperoni chikafika asathirire madzi. Akamva fungo loipa, adule mbali yoolayo ndi mpeni woyera, bala liume padzuwa.

Duwali lifuna kuzizira kuti lichite maluwa. Chaka chimene June ndi July afunda, mwina adzaona masamba okha, ndipo pamenepo wosamala alibe mlandu. Ku Chikwawa kotentha kuja, ndi kutaya nthawi chabe.

Zikapita zaka 3 kapena 4 zitsa zithithikana. Azule, ataye zakale, adule masamba kusiya masentimita 15, nabzalenso zanthete. Zotsalazo aziike patali ndi ana ndi mbuzi, pakuti si chakudya. Zili ndi ululu.