Wogulitsa Chida Nayenso Adzafunsidwa

Abale ndi alongo m'Chisilamu kuno ku Njuli, tikukumbuka mfuti za AK-47 zomwe zinalowa m'dziko muno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndi momwe achifwamba anatizunzira nazo. Mfuti iliyonse inali ndi amene anaigulitsa.

Pangano la United Nations la malonda a zida, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014, limaletsa boma kugulitsa kunja ndege zankhondo, akasinja kapena mfuti likadziwa kuti zikaphera anthu wamba. Ma Ulama anaphunzitsa kalekale kuti kugulitsa chida kwa wofuna kuchita nacho zoipa ndi haramu.

Choncho tisasunge mfuti zozembetsa, ndipo tisazidutsitse m'mabwato athu. Tikaziona tikanene kupolisi. Allah atiteteze. Ameen.