Cilema ndi Cipsera pa Ndarama Zakale

Omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene ali ndi abale ao ogwira nchito ku Cape Town mwina anamvapo za msika wa zinthu zakale wa ku Milnerton, umene umacitika Loweruka ndi Lamulungu. Pamenepo pamakhala anthu oyala ndarama zacitsulo zimene zinaleka kale kugula kanthu m'sitolo. Kawirikawiri pamafika munthu atafumbata ndarama yopindika kapena yobenthuka, pokhulupirira kuti inalakwika posula, ndipo kuti wapeza cuma. Ambiri amabwerera nkhope zitagwa. Enanso, amene ali ogula, amataya malipiro a sabata pa kanthu kamene kanangopondedwa ndi galimoto.

Nzoona kuti osonkhanitsa ndarama amapereka mtengo wokwera pa ndarama yolakwika posula. Koma iwo amasiyanitsa cilema cimene ndarama inabadwa naco ndi cipsera cimene inalandira m'manja mwa anthu. Cilema cimakweza mtengo, cipsera cimautsitsa.

Posula ndarama, kacitsulo kobulungira ndi kosalala kamaikidwa pakati pa zidindo ziwiri zolimba, nikapanikizidwa ndi mphamvu yaikuru, kotero kuti citsulo cimalowa m'maenje onse a cidindo monga dothi limalowera m'cikombole ca njerwa. Cimene ciri cokumbika pa cidindo cimaturuka cotukuka pa ndarama. Motero cidindo cikang'aluka, citsulo cimalowa mu mng'alu uja, ndipo pa ndarama pamaoneka mzere wotukuka ngati mtsempha. Koma mpeni kapena msomali ukakanda ndarama, mzere wace umakhala wolowa pansi, ndipo m'mbali mwace mumaunjikana citsulo monga khasu limaponyera dothi pambali. Munthu wokhala ndi galasi lokuza zinthu akhoza kuona kusiyanaku padzuwa. Ndiponso cidindo cong'aluka sicisula ndarama imodzi yokha: cilema cimeneco cimapezeka pamalo omwewo pa ndarama zambiri, pamene cipsera ciribe mbale wace.

Ndarama yobenthuka m'mphepete ndiyo imanyenga ambiri. Ngati kacitsulo kanali kopereweza kasanalowe m'zidindo, malembo amanka nazimiririka pofika pobenthukapo, ndipo kawirikawiri mlomo wa mbali ya kutsidya umakhala wosakwera bwino. Ngati wina anadula ndi tupa pambuyo pace, malembo amaduka mwadzidzidzi ali akuthwa, ndipo mikwasa ya tupa imaoneka.

Akuluakulu akukumbukira kobiri lamkuwa la Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njobvu ziwiri ndi coboola pakati, limene linasulidwa kuyambira 1955 kufikira 1963. Coboola cimeneco cinali ca dala, cosalala mbali zonse ziwiri, ndipo njobvu zinaima mocizungulira. Koma tiki yoboola ndi msomali kuti mwana abvale m'khosi imakhala yolowa mbali imodzi ndi yotumphuka mbali inzace. Imeneyo ndi yoonongeka basi, ngakhale agogo anaisunga ndi cikondi.

Ku Cape Town nkhaniyi imabvuta koposa cifukwa ca nyanja. M'caka ca 1702 combo ca Adachi, Merestein, cinasweka pa cisumbu ca Jutten, ku Saldanha Bay, kumpoto kwa mzindawo, citanyamula ndarama zasiliva. Ndarama zambiri za masiku amenewo zinkasulidwa ndi nyundo, ndipo cifukwa cace sizinali zobulungira bwino. Zina malembo ace anadindika kawiri cidindo citadumpha. Zimenezo nzobadwa nazo. Koma madzi a mcere nao anacita yao nchito: anadya siliva, nasiya timaenje ngati zipsera za nthomba, ndipo ndarama yotere ikaikidwa pa sikelo imapepuka. Pa ndarama imodzi munthu akhoza kupeza zonse ziwiri, dzanja la wosula ndi dzino la nyanja. Omvera adziwenso kuti lamulo la South Africa la 1999 limaletsa kutenga kanthu m'combo cosweka ca zaka zoposa 60 popanda cilolezo.

Cilema codziwika koposa m'dzikolo cinacokera kwa wojambula. Ndarama zoyamba za Purezidenti Paul Kruger, za 1892, zinasulidwa ku Berlin, ndipo ngolo ya pa ndaramazo anaijambula ndi mitengo iwiri yokokera, monga ngolo za ku Ulaya, pamene ngolo ya Mabunu inali ndi mtengo umodzi. Pa ndarama zagolidi wozokota Otto Schultz anaikanso zilembo zace, O.S., pa cithunzi ca Kruger. Ndipo m'cinenero ca Mabunu mau akuti os ndi ng'ombe yofula. Adani ace anaseka naye, popeza cisankho ca 1893 cinali pafupi, ndipo zidindo zinakonzedwa msanga. Lero ndarama za mitengo iwirizo zimafunidwa kwambiri.

Coipa ncakuti zipsera zambiri amaika ndi eni ace. Munthu akapeza ndarama yakuda amathamangira phulusa, mcenga kapena mandimu kuti iwale asanapite nayo ku msika. Wogula wodziwa akaiyang'ana m'galasi amaona timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi, naibweza pomwepo, kapena kucepetsa mtengo umene akadapereka ikadafika ndi kuda kwace.