FEIRA: MUDZI UMENE DZINA LACE NDI MSIKA

Madzulo ano tiyeni tipite kumatero a mtsinje wa Luangwa, kumene madzi ace athira m'Zambezi. Pamenepo pali mudzi wocedwa Luangwa, umene akulu-akulu akali kuuchula dzina lace lakale, Feira. Munthu ataima pagombe pamenepo aona maiko atatu: pansi pa mapazi ace ndi Zambia, tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa m'Mozambique, ndipo tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa m'Zimbabwe.

Dzina ili Feira ndi liu la Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndi msika. Kodi msika unafika bwanji kumalo otentha ndi akutali otere?

M'caka ca 1693 mfumu Changamire inaononga msika wa Apwitikizi wa ku Dambarare, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Amalonda aja, posowa pogulira golidi, anayamba kufuna malo ena. Patapita zaka ngati makumi awiri kapena atatu, anamanga Zumbo pamatero a Luangwa. Malowo anawakomera cifukwa ca njira. Ngalawa zocokera ku Tete zinkakwera Zambezi ndi nsaru za ku India ndi mikanda, ngakhale kuti pa mathithi a Cahora Bassa akatundu ankayenera kusenzedwa pamutu. Kucokera kumwera kunkabwera golidi, ndipo kumpoto ndi kumadzulo kunkacokera minyanga ya njobvu ndi mkuwa. Amalonda anamanga nyumba za miyala mbali zonse ziwiri za Luangwa, ndipo ansembe anamanga chalichi.

Koma msika wa alendo ukhala mwa cifundo ca eni dziko. Amalonda ankapereka mitulo kwa mafumu, ndipo pamene anayambana ndi Mburuma, mfumu ya Ansenga, malonda anayamba kufooka. Cirala ndi nkhondo zinaonjeza mabvuto, kotero kuti m'zaka za m'ma 1830 Apwitikizi anacokako. Pamene David Livingstone anapita pamenepo m'caka ca 1856, anapeza mabwinja okha-okha: makoma akugwa, chalichi cogumuka, ndi belu losweka liri gone pathengo.

Msika unaukanso m'zaka za m'ma 1860, koma nthawi iyi unauka ndi misozi. Eni mphamvu tsopano anali atsogoleri a Acikunda, monga Kanyemba ndi Matakenya, amene anali ndi magulu a anthu a mfuti. Iwo ankasaka njobvu, ndiponso ankagwira anthu. Midzi yambiri ya m'cigwa ca Luangwa inapasuka, ndipo ana a eni dziko anatsika Zambezi ali m'magoli. Tisaiwale ici, abale anga, ponena za kukula kwa Feira: cina mwa cuma cace cinali anthu anzathu.

M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire, ndipo kunsi kwa Luangwa mtsinjewo unasanduka malire. Zumbo anatsala kwa Apwitikizi, Feira nagwa m'manja mwa Angelezi, amene anamangapo boma. Apa mudzi unapeza nchito yatsopano, ndiyo ya dooko. Ng'ombe zocokera kumpoto zinkaoloka Zambezi pamenepo popita ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ndipo anyamata ambiri ofuna ndalama za msonkho anaolokera pomwepo kunka ku migodi ndi ku mapulazi a kumwera.

Tsono cimene cinagwetsa Feira kaciwiri si nkhondo ai, koma njanji. Ulalo wa pa Victoria Falls unatha m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1906 sitima inafika ku Broken Hill, ndiye Kabwe. Akatundu analeka kuyenda pamadzi. Pambuyo pace mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Fort Jameson, ndiye Chipata, unaoloka Luangwa pafupi-fupi makilomita 90 kumpoto kwa Feira. Mudzi uja unatsala kumapeto a kanjira, ndipo msika watsopano unamera pa ulalo, pamene apaulendo agula nsomba zouma ndi madengu kufikira lero lino.

Komabe akulu anati madzi saiwala khwawa. Lero mudzi wa Luangwa ukhalira nsomba. Mabwato acokera ku Zumbo ndi ku nyanja ya Cahora Bassa, imene inapangika pamene anatseka Zambezi m'caka ca 1974, ndipo amai amalonda acokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt kudzagula pende wouma, namlonga m'mitolo yaikuru.

Golidi anatha, minyanga inaletsedwa, ng'ombe zinapeza njira yina. Nsomba nazonso zikhoza kutha ngati asodzi apitiriza kukokera ndi maukonde a maso ang'ono ndi kupha nsomba pa nyengo yoswana. Mudzi uwu unafa kawiri cifukwa ca zinthu zocokera kutali. Cingakhale cacisoni ukafa kacitatu ndi manja a eni ace.