Woimba Gitala M'situdiyo: Kukonzekera ndi Ntchito Yaganyu

 Usiku uno tikambirana za gitala, makamaka gitala yopanda magetsi ija imene ambiri timaitcha gitala ya bokosi. Nkhani yathu ili ndi mbali ziwiri. Poyamba tiona mmene munthu amakonzekerera akafuna kukajambula gitala yotere m'situdiyo. Kenaka tiona ntchito ya woimba waganyu, ndiye kuti munthu amene amaitanidwa kudzaimba gitala m'nyimbo za anzake, nalandira malipiro ake n'kumapita. Nkhaniyi ikukhudza anyamata ndi atsikana ambiri amene ali ndi luso m'zala zawo, komanso makolo ndi abale amene amagulitsa mbuzi kapena chimanga kuti mwana wawo akalipire situdiyo.

Tiyambe ndi maikolofoni. Mukamaimba pakhonde madzulo, anzanu amamva nyimbo yokha, chifukwa khutu la munthu limadziwa kusiya zimene silikuzifuna. Maikolofoni ilibe nzeru zimenezo. Imatola zonse: kukhwekhwereza kwa chala pa nsambo, batani la malaya likagunda thabwa la gitala, kulira kwa mpando, ngakhale kupuma kwa woimbayo. Ndipo chimene chalowa m'chimbale chimakhala momwemo zaka zonse. Mu 1952, Hugh Tracey, amene ankayenda m'maiko a mu Africa kujambula nyimbo, anajambula mnyamata wina dzina lake Jean Bosco Mwenda mumzinda wa Jadotville, umene lero ukutchedwa Likasi, ku Congo. Nyimbo yake yotchedwa Masanga inamveka m'maiko ambiri, ndipo oimba gitala akuiphunzirabe mpaka pano. Makina a nthawi imeneyo sangafanane ndi a lero. Chimene chinakometsa nyimboyo ndi zala zozolowera ntchito yake ndi gitala yochunidwa bwino.

Tsono kukonzekera kumayambira pa nsambo. Nsambo zokhalitsa zimagwira thukuta, litsiro ndi dzimbiri, motero mawu ake amazilala, ndiponso sizichunika mokwanira. Koma musalakwe n'kuika nsambo zatsopano m'mawa wa tsiku lojambula. Nsambo yatsopano imatamuka, ndipo imachoka pa kiyi nyimbo ili pakati. Ngati nsambo zanu ndi zachitsulo, zisintheni masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, ndipo muziimbe ndithu kuti zikhazikike. Za nayiloni zimachedwa kukhazikika, choncho zipatseni sabata yathunthu. Musaiwalenso kutenga nsambo zina zapadera m'chikwama, pakuti nsambo imadziwa kuduka pa nthawi imene sitolo zonse zatsekedwa.

Mukatero, iyeseni gitalayo. Lizani nsambo iliyonse osaigwira, kenaka muilizenso mutaidina pa fureti ya nambala 12. Mawu awiriwo ayenera kukhala amodzi, kungoti achiwiriwo ndi okwera. Akasiyana, gitalayo idzamveka bwino kumutu kokha, koma mukamatsikira kumimba kwake idzayamba kunama, ndipo kuchuna kokha sikungathetse vutoli. Pitani nayo kwa mmisiri. Mvetseraninso ngati pali nsambo imene ikukhudza chitsulo n'kumanjenjemera, kapena chochunira chimene chakhwepa. Kumbukirani kuti gitala ndi mtengo, ndipo mtengo umamva nyengo. Dzuwa la mwezi wa Okutobala limaumitsa thabwa mpaka kuling'amba, pamene chinyezi cha m'dzinja chimalitupitsa. Musaisiye m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi moto. Mukafika kusitudiyo, itulutseni m'thumba ikhale kaye theka la ola kuti izolowere mpweya wa m'chipindamo.

Pochuna, tsatani muyeso umene oimba a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, wakuti liwu la A limanjenjemera maulendo 440 pa sekondi imodzi. Kachipangizo kochunira, ngakhale ka m'foni yam'manja, kamakupatsani muyeso umenewu. Mukachuna mongoyerekeza, woimba kiyibodi akadzabwera mawa lake kudzawonjezera mbali yake adzapeza kuti simukugwirizana. Chunani musanayambe ulendo uliwonse wojambula, ndipo mukamanga kapo pakhosi pa gitala chunaninso, chifukwa kapo imakoka nsambo n'kuzikweza pang'ono.

Gitala ikakonzeka, akonzekenso mwini wake. Wengani zikhadabo za dzanja lodina nsambo, sambani m'manja, vulani wotchi ndi zibangili, ndipo valani malaya ofewa opanda mabatani olimba. Ngati muli ndi chizolowezi chopondaponda pansi poimba, vulani nsapato. Koma choposa zonsezi ndi nthawi ya nyimbo. Kuno kwathu, kwa zaka zambiri kuchokera pamene wailesi ya MBC inakhazikitsidwa mu 1964, oimba ambiri ankajambulira nyimbo zawo m'masitudiyo a wailesiyo ku Blantyre, pa tepi, gulu lonse likuimba nthawi imodzi. Mmodzi akaphonya, onse ankayambiranso. M'badwo umenewo, wa Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, ndi Allan Namoko wa ku Thyolo, unazolowera kuimba nyimbo yonse kuchokera poyambira mpaka pothera osaima. Lero nyimbo zambiri zimajambulidwa pa kompyuta, chida chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo onse amatsata kachipangizo kogogoda nthawi kamene kamamveka m'mahedifoni. Munthu amene sanaimbepo motsata kugogoda kumeneku amathamanga pa kolasi n'kuchedwa pa vesi. Phunzirani muli kunyumba, mwapang'onopang'ono poyamba, mpaka muthe kuimba nyimboyo katatu motsatizana popanda kuphonya. Dzijambuleni pa foni ndipo mudzimvetsere mopanda kudzikondera. Situdiyo zambiri zimalipiritsa pa ola kapena pa nyimbo, ndipo ola limene mwathera pophunzira nyimbo yanu yomwe ndi ndalama yotayika.

Tsopano tilowe m'chipinda chojambulira. Ambiri amaganiza kuti maikolofoni iyenera kulozetsedwa pabowo la gitala, poti ndi pamene pamatuluka mawu. Ayi ndithu. Mpweya wa m'mimba mwa gitala umanjenjemera kwambiri pa mawu otsika, pafupifupi maulendo 100 pa sekondi, ndipo maikolofoni ikayang'ana pabowopo imangomva kugunda ngati kwa mbiya yopanda kanthu. Malo abwino oyambira ndi pamene khosi la gitala likukumana ndi mimba yake, pakati pa fureti 12 ndi 14, ndipo maikolofoni italikire masentimita 20 mpaka 30, ngati utali wa rula ya mwana wasukulu. Mukaisendeza pafupi, mawu otsika amachuluka. Mukaitalikitsa, mumayamba kumva chipinda. Akatswiri ambiri amakonda maikolofoni ya mtundu wa kondensa, imene imamva ngakhale timawu tating'ono, koma imafuna mphamvu ya mavoti 48 kuchokera ku makina ojambulira. Ena amaika maikolofoni yachiwiri chakumunsi kumene nsambo zimamangidwa. Pamenepo pafunika kusamala, chifukwa mawu amafika pa maikolofoni ziwirizo pa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo akaphatikizidwa amatha kufafanizana, gitala n'kumveka yopyapyala. Njira yodziwira ndiyo kumvetsera nyimboyo pa sipika imodzi yokha, monga mmene ambiri a inu mukundimvera panopa pa kawailesi kanu. Wojambula akapeza malo abwino, inu khalani chomwecho osatembenukatembenuka.

Amene mukujambulira kunyumba, samalani ndi chipinda. Makoma a simenti opanda kanthu amabweza mawu, ndipo denga la malata limaimba nyimbo yakeyake mvula ikayamba. Pachikani mabulangete, imikani matiresi kukhoma, yalani mkeka kapena kapeti pansi. Zimitsani firiji ndi fani, ndipo sankhani nthawi imene chigayo chasiya kulira ndi ana agona. Musakweze makina mpaka nyali yofiira kuyaka, pakuti mawu ochepa mungathe kuwakweza pambuyo, koma mawu ophwanyika alibe mankhwala.

Tafika pa mbali yachiwiri, ya woimba waganyu. Mawu akuti ganyu asakuchititseni manyazi, chifukwa nyimbo zambiri zimene dziko lavina zinamangidwa ndi anthu otere. Ku Johannesburg, mu 1964, kampani ya Gallo inatsegula nthambi yotchedwa Mavuthela motsogozedwa ndi Rupert Bopape. Kumeneko gulu la Makgona Tsohle, limene gitala yake yotsogolera ankaimba Marks Mankwane, linkaimbira Mahlathini ndi Mahotella Queens ndi oimba ena ambiri. Ray Phiri, amene anabadwa mu 1947 ku South Africa kwa bambo wochokera kuno ku Malawi, anayamba ndi kuimbira anzake m'gulu la Cannibals asanakhazikitse Stimela, ndipo gitala yake ikumveka m'chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland, chimene chinatuluka mu 1986. Ku Los Angeles, m'zaka za m'ma 1960, Tommy Tedesco ndi Glen Campbell ankaimba m'zimbale za anthu ochuluka, maina awo osalembedwa pa zambiri mwa izo. Kumeneko nthawi yojambula inkayesedwa maola atatu, ndipo m'maola atatuwo nyimbo zingapo zinkayenera kutha.

Kodi munthu wotere amafunika kukhala ndi chiyani? Choyamba ndi khutu lofulumira. Kawirikawiri nyimboyo amaimva koyamba atafika kale m'situdiyo. Oimba a ku Nashville, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anapeza njira yolembera makodi ndi manambala m'malo mwa zilembo. Mu kiyi ya G, makodi a G, C ndi D amalembedwa 1, 4 ndi 5. Mwini nyimbo akanena kuti kiyi imeneyo yamutsikira, mukwere kupita ku A, manambalawo sasintha; inu mumangodziwa kuti tsopano ndi A, D ndi E. Nyimbo zathu zambiri, kuyambira za kwela mpaka za m'makwaya, zimayenda pa makodi atatu amenewa, choncho njirayi ingatithandize ndithu. Pepala ndi pensulo zisasowe m'chikwama mwanu.

Chachiwiri ndi kudziletsa. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo mawu a woimba ndiwo mfumu. Gitala yanu iyankhe pamene iye wapuma, ndipo ikhale pansi pamene iye akulankhula. Achinyamata ambiri amafuna kuonetsa zonse zimene akudziwa m'nyimbo imodzi, nadzaza paliponse, mpaka besi ndi kiyibodi kusowa popondera. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Aliyense agwire mbali yake. Ngati muli ndi maganizo, aperekeni kamodzi mwaulemu. Akakanidwa, imbani chimene mwapemphedwa ndi mtima wonse. Ndipo mukaphonya pakati pa nyimbo musaime nokha; pitirizani mpaka wojambula akuimitseni, chifukwa mwina mbali yotsalayo ndi yabwino ndipo pophonyapo angathe kupakonza.

Chachitatu ndi khalidwe. Fikani nthawi isanakwane, muli bwinobwino, zida zanu zonse zili m'manja. Nyimbo imene sinatuluke ndi chinsinsi cha mwini wake. Musaijambule pa foni n'kuitumizira anzanu. Ntchito imeneyi ilibe chikwangwani cholengezera. Imayenda pakamwa, wojambula uyu kuuza mnzake kuti wakutiwakuti ndi wodalirika, ndipo mbiri yoipa imayenda msanga kuposa yabwino. Masiku ano ena amatumiziridwa nyimbo pa intaneti, naijambulira kunyumba kwawo n'kuibweza. Nawonso lamulo ndi lomwelo: tsiku limene mwalonjeza likhale lomwelo.

Chomaliza ndi nkhani ya ndalama, imene ambiri amaopa kuiyamba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gwirizanani za malipiro musanatulutse gitala m'thumba: ndi zingati, pa nyimbo kapena pa tsiku, ndipo zidzaperekedwa liti. Funsaninso ngati dzina lanu lidzalembedwa pa chimbale, pakuti dzinalo ndilo lidzakuitanirani ntchito ina. Pali kusiyana pakati pa kuimba zimene mwauzidwa ndi kupeka nawo nyimbo. Ngati kachidutswa ka gitala kamene nyimbo yonse yatsamirapo mwakapeka ndinu, nenani tsiku lomwelo, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, nonse musaine. Nyimbo ikatchuka, anthu amakumbukira mosiyana, ndipo maubwenzi ambiri athera pamenepo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, limene limazindikiranso ufulu wa oimba, ndiponso bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wa nyimbo ndi kutolera malipiro ake. Pitani mukafunse musanasaine chinthu chimene simukuchimvetsa.

Kwa inu makolo, mwana akakupemphani ndalama za situdiyo, muuzeni ayambe wakuimbirani nyimboyo katatu osaphonya. Akatha, mthandizeni, akalephera, mpatseni mwezi wina woti aphunzire. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mukamva nyimbo pa wailesi mawa, yesani kusiya kaye mawu a woimba, mutchere khutu ku gitala imene ili kumbuyo kwake, muone pamene ikulowa ndi pamene ikukhala chete. Sukulu ya woimba waganyu imayambira pamenepo.