Kogona Mlendo wa ku Chikwawa



Mlendo wofuna kudziwa mbiri ya chigwa cha Shire kawirikawiri amagona ku Blantyre, pa Mount Soche, imodzi mwa mahotela a Sunbird. Sitingamudzudzule. Kumtundako n'kozizira, ndipo kuchokera pamenepo kukafika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Amalawira m'mamawa, natsika zitunda za Thabwa, naoloka mlatho wa Kamuzu, koma dzuwa likangopendeka ali kale pa ulendo wobwerera.

Inenso ndinachita chomwecho pa ulendo wanga woyamba. Zimene ndinaona ndi zomwe zili kale m'mabuku. Mu Januwale 1859, sitima ya David Livingstone, Ma Robert, inalephera kupitirira mathithi a Kapichira. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, kufupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake anasamuka ku Magomero nadzakhala kwa Mfumu Chibisa, ndipo awiri mwa iwo, Scudamore ndi Dickinson, anatsikira kuli chete komweko mu 1863. Manda ndinawaona, ndinajambula, ndinabwerera.

Ulendo wachiwiri ndinagona m'kanyumba ka alendo pa Chikwawa pomwepo. Sindikunamizani, omvera: kunatentha kosagoneka, ndipo udzudzu unandiimbira kunja kwa masikito usiku wonse. Koma madzulo, kutentha kutayamba kuchepa, anthu anatulutsa mphasa panja. Gogo wina wa Chimang'anja anayamba kundifotokozera za Akololo, amuna aja amene Livingstone anabwera nawo kuchokera ku Zambezi nawasiya m'chigwamo ali ndi mfuti. Maina awo tonse timawadziwa, chifukwa lero ndi maina a mafumu: Kasisi, Mlauli, Maseya, Katunga. Chimene sindinachimvepo m'kalasi, ngakhale ku koleji ya aphunzitsi, n'chakuti nkhani imeneyi imamveka bwanji pakamwa pa anthu a Lundu, amene makolo awo anali eni dziko alendowo asanafike. Ena amati Akololo anatchinjiriza chigwa kwa ogula akapolo. Gogoyo anati inde, koma mtengo wake unali ufumu.

Anakamba mpaka mwezi unakwera. Nthawi imeneyo, pa ulendo woyamba uja, n'kuti ndili pa chakudya chamadzulo ku Blantyre.

Mawu a gogoyo ndinawajambula, ndipo mudzawamva sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.