Kodi Madzi Angathe Kudula Chitsulo?



Funso lathu lero lioneka ngati la ana: kodi madzi omwe titunga pa mjigo angathe kudula chitsulo? Inde, angathe, koma osati paokha.

M'mafakitale a ku maiko ena alipo makina opanikiza madzi ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 2,000. Madziwo atulukira pa kabowo kochepa ngati ka singano, nathamanga koposa liwiro la mau. Akakhala okha adula zofewa monga mphira, mapepala ndi zakudya. Pofuna kudula chitsulo kapena mwala, amisiri athiramo mchenga wolimba wochedwa garnet, nzeru imene Mohamed Hashish anaikonza ku America cha m'ma 1980. Chitsulo chiduka osatentha konse. Tsono chodula cheni-cheni ndi mchengawo, madzi angounyamula.

Ife amayi izi si zachilendo kwa ife. Mphika wa mwaye suyera ndi madzi okha, koma tiukwecha ndi mchenga. Ndipo tidziŵa kuti poto wokwechedwa zaka zambiri apyapyala pansi, mapeto ake nabooka.

Zomwezo zichitika pafupi pompano mu Shire. Makina a magetsi a ku Nkula anayamba nchito mu 1966, a ku Tedzani mu 1973. M'menemo muli zitsulo zazikulu zozungulira, zimene madzi azikankha usana ndi usiku. Madzi akabwera ndi mchenga, zitsulozo ziperepeseka monga poto uja, ndipo matope adzaza maiŵe osungira madzi. A EGENCO alowetsa ndalama zambiri pokumba matopewo, nthawi zina kuzimitsa makina kumene. Pamenepo magetsi azima, chigayo chiima, ndipo kuchipatala adalira jenereta.

Nanga mchengawo uchokera kuti? Apa tisaloze ena chala. Wina uchokera kumtunda kwa Shire, koma wina ndi wathu. Taonani matumba a makala pa Zalewa. Mitengo yake inali m'mapiri. Onaninso Lisungwi ndi Mkulumadzi m'dzinja, momwe madzi ake afiirira potsikira ku Shire, kunka ku makina a ku Kapichira. Kufiira kumeneko ndi nthaka ya m'minda mwathu, imene tinailima mpaka m'gombe ndi pa zitunda zopanda akalozera, yomweyo tinaithira feteleza wogula ndi ndalama ya mbatata.